Ngwazi ya M'foni Imene Inagona M'gowelo

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Abusa, akulu a mpingo, azimayi a kwaya kumbuyoko, landirani moni wanga. Aleluya!

Dzina langa ndine Yotamu. Kwathu ndi ku Sinda, koma ndili pachikamwini kuno kufupi ndi Mkaika, pamudzi pa akazi anga, amake Tamara. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri. Zakazo ndazitchula dala, kuti mukamamva zimene ndinachita musanene kuti anali mwana. Sindinali mwana ayi. Ndinali bambo wa ana atatu, imvi zitayamba kale.

Kale ndinali mlimi ngati inu nomwe. Chimanga, nshawa, thonje pang'ono. Ndinali ndi pulawo ndi ng'ombe imodzi yolima, dzina lake Kaputeni. Alamu anga a Sitefano, mlongo wawo wa akazi anga, analinso ndi imodzi, Bulaki. Alimi mukudziwa, ng'ombe imodzi siikoka pulawo. Ndiye tinkazimanga pa goli limodzi n'kumalima mosinthana. Mvula yodzalira ikagwa, masiku awiri oyamba ndi a munda wa apongozi, chifukwa ndi amasiye komanso ndi eni nthaka. Kenako wa alamu. Kenako wanga. Zaka zisanu ndi chimodzi, palibe amene anaphonya tsiku lake.

Tsono kunabwera mnzanga wina wa ku Vubwi, wogula nshawa. Anatenga foni yanga n'kundiikiramo gemu. Anati popeza ndinakhalako m'tauni ndili mwana, ndiikumbuka.

Ndikufotokozereni chinthucho, kuti muone kupusa kumene kunandigwira. Muli tianthu tinayi, timitu tikulutikulu, timiyendo ngati ta nkhuku. Timayenda pamzere. Timalowa m'nyumba za eni popanda odi, kutsegula mabokosi, kutenga zimene tapeza, mwini nyumba ali chilili osanena kanthu. Kumeneko amati ndi ngwazi. Kuno timati mbala. Ndiye tikakumana ndi chilombo, ndewu yake ndi yaulemu. Inu uku, chilombo uko. Mumenye inu kamodzi, mubwerere pamalo panu. Chimenye icho kamodzi, chibwerere pamalo pake. Abale, munaionapo ndewu yotere? Pa siteshoni ya Katete paja, alipo amene anakudikiranipo kuti muyambe mwaganiza bwino musanamumenye?

Mukuseka. Sekani, n'zoseketsadi. Koma tsiku limene ndinaitsegula koyamba, ine sindinaseke. Ndinalira.

Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi ananditumiza ku Kabwe, kwa akulu anga a Lemekani. Ndinakhalako zaka ziwiri. Anali ndi kabokosi kolumikiza ku TV, ka magemu omwewa. Loweruka masana ankakhala pampando, ine pansi pafupi ndi miyendo yawo. Ankasewera okha, koma ikafika nthawi ya kamunthu kochiritsa anzake, ankandipatsa n'kunena kuti, "Yota, nthawi yako, chiza anthu." Akulu angawo anamwalira ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Kumaliro sindinapiteko.

Ndiye kanyimbo kaja katalira m'foni, ting'i ting'i ting'i, ndinamva fungo la polishi wofiira wa m'nyumba ija. Ndinaona mapazi a akulu anga. Ndinali nditakhala kuseri kwa khola, ndowe zili mbwee, koma mtima wanga unali pa simenti ya ku Kabwe.

Apa ndi pamene pali chinyengo, abale. Gemu imeneyo si yakale n'komwe. Anaipanga dzana lomweli. Anthu ake ali ndi makina otha kujambula munthu mpaka thukuta la pamphuno. Koma amachita dala kujambula tianthu ta timabokosi, amachita dala kuika kanyimbo ka ting'i ting'i, kuti chioneke chakale. Chifukwa chiyani? Amadziwa kuti kunja kuno kuli a Yotamu ambiri, amuna akuluakulu olira dzulo. Amatiponyera dzulo labodza, ife n'kumeza ndi mbedza yomwe.

Ndinameza, abale. Kamunthu kotsogolera ndinakatcha Lemekani. Kochiritsa ndinakatcha Yota. Ndinkadziwa lupanga la aliyense, chipewa cha aliyense, nsapato za aliyense. Mwana wanga Tamara ankapita kusukulu nsapato itang'ambika chala chili panja, ine osaona. Ndinkati ndikupita kukaona ng'ombe, n'kukakhala kuseri kwa khola mpaka mthunzi kusuntha. Amake Tamara akandiitana, yankho linali limodzi: ndikubwera. Ndikubwera! Ndikubwera! Mawu amenewo ndinawatha ntchito.

Ndipo poizoni weniweni ndi uyu. M'menemo palibe chimene chimayenda iwe usanadine. Chilombo chitha kuyasamula kukamwa kuti chikulume, iwe n'kuika foni pansi, kupita kukadya, kukasamba, kubwerako. Uchipeza chili chiyasamulire, chikukudikira. Miyezi inayi ndinakhala m'dziko limene zonse zimandidikira. Ndinazolowera. Ndinayamba kuganiza kuti mkazi adikira, alamu adikira, ngakhale mvula idikira.

Chaka chatha mvula yodzalira inagwa Lachinayi. Mvula yabwino, yolowa pansi. Lachisanu ndi Loweruka anali masiku a apongozi. Koma kunali kutachita mitambo masiku atatu, sola yathu yochajira foni osagwira moto, ndipo foni inazima nditangofika pa chitseko chomaliza, pamene pali mfumu ya zilombo zonse. Miyezi inayi ya ntchito, ndinkatero ine, ntchito! Mtima unali phaphapha ngati mwana wadwala.

Mverani tsono zimene anachita bambo wa zaka makumi anayi. Lachisanu m'mamawa ndinapita pa pulawo, ndinamasula bawuti yogwira khasu lake, n'kuiika m'thumba. Alamu atafika ndi Bulaki, ndinawaonetsa pulawo nkhope ili yachisoni. Ndinati bawuti yagwa, ndithamangire ku Katete ndikagule ina, ola limodzi chabe. A Sitefano anandikhulupirira. Anandipoperanso njinga.

Ndinakakhala mu shopu yometera tsitsi, foni ili pa chingwe, ine pa benchi. Mfumu ya zilombo inandipha. Ndinayambiranso. Inandiphanso. Ndinayambiranso. Pamene ndinkadzutsa mutu, dzuwa linali litapendeka. Ndinabwerera n'kunama kuti saizi yake sinapezeke. Alamu anali atayenda mudzi wonse kufuna kubwereka pulawo, koma tsiku lotero ndani angakubwereke? Aliyense anali m'munda mwake.

Loweruka ndinachitanso chimodzimodzi. Inde, abale, kawiri! Pobwerera ndinadzera kumunda. Ndinaona apongozi anga, mayi wokalamba wodwala msana, ali ndi khasu la m'manja, akukoka mizere okha ndi mwana wawo, amake Tamara. Masiku awiri anali atakoka kachigawo kosakwana bwalo la tchalitchi lino. Ng'ombe ziwiri zonenepa zili pamthunzi zikubzikula. Ndinatsika njinga? Ayi. Ndinapalasa mwamsanga kuti asandione.

Madzulo ake amake Tamara anandiikira chakudya monga mwa masiku onse. Anagwada, anandisambitsa m'manja, anaika mbale ziwiri. Nditavundukula mbale ya ndiwo, munalibe ndiwo. Munali bawuti. Anaipeza m'thumba la buluku limene ndinavula pokasamba.

Sanakalipe. Anangoti, "Idyani, atate ake a Tamara. Ndi zimene mwatilimira."

Lolemba kunacha dzuwa, ndipo linakhala pafupifupi masabata atatu. Nthaka inauma gwa. Amene anadzala ndi mvula ija chimanga chawo chinamera. Minda yathu itatu inangokhala. Zengerezu analinda kwawukwawu, koma ine amene ndinazengereza sindinakwawe ndekha, ndinakwawitsa banja lonse.

Ankhoswe anakhala pansi. Nkhani sinatalike, chifukwa bawuti inali pakati pa mphasa, ndikanakana chiyani? Apongozi sanandiyang'ane n'komwe. Analankhula kudzera mwa ankhoswe kuti iwo anapempha mkamwini, sanapemphe mwana wachinayi woti mwana wawo azilera. Ananditulutsira chikwama, pulawo anati ikhale ya ana, ng'ombe yanga anandipatsa chingwe chake m'manja.

Ndinayenda wapansi kuchoka kuno mpaka ku Sinda, m'mbali mwa msewu waukulu, ndikukoka Kaputeni. Maminibasi akudutsa, makondakitala akukuwa kundifunsa mtengo wa ng'ombe. Ndipo mukudziwa chimene chinkandidetsa nkhawa panjira? Batire. Ukwati watha, ana ndawasiya akulira, ine ndikuganiza za batire. Tfu!

Ndinafikira kwa alongo anga a Esinati. Tsiku lachitatu ndili kumeneko, masana, nditakhala pa mtondo wogubuduza, ndinaipha mfumu ya zilombo ija. Ndinaipha! Ndinaimirira. Ndinkadikira, sindikudziwa kuti ndinkadikira chiyani. Mwina ndinkaganiza kuti ndimva dzanja la akulu anga pamutu panga. Tianthu tija tinavina pang'ono. Panabwera mawu a Chingerezi akuti ndapulumutsa dziko lonse. Kenako mayina a anthu osawadziwa anayamba kukwera m'mwamba. Kenako inandifunsa ngati ndikufuna kuyambiranso.

Basi. Zinathera pomwepo. Ndinapulumutsa dziko lonse, ine amene ndinalephera kulima munda umodzi wa mayi wamasiye.

A Esinati anali akupeta chimanga pafupi. Ndinawaonetsa foniyo, ndinawauza kuti kamunthu aka ndi a Lemekani. Anaiyang'anitsitsa. Kenako anati, "Yotamu, akulu athu anagona ku Kabwe. Si awa. Awa ndi madontho. Ndipo akanakhala moyo, akanakumenya mbama."

Abale ndi alongo, mawu amenewo anandilasa kuposa ulaliki uliwonse. Ndinapita kukhola kumene ndinamanga Kaputeni. Ndinagwada m'matope momwemo. Ndinalira maliro a akulu anga amene sindinawalire zaka zonsezi, ndinalira ana anga, ndinalira manyazi anga. Ndinati, Ambuye, ndathera moyo kuyang'ana kumbuyo, nditembenuzeni khosi. Sindinaone kuwala. Sindinamve mawu ochokera kumwamba. Koma nditadzuka, chinthu chija chinandinyansa, ngati mmene chimanyansira chakudya chimene unasanza. Ndinachichotsa m'foni. Foniyo ndinawasiyira a Esinati, ine n'kutenga kafoni kawo ka mabatani.

M'mawa mwake ndinayamba ulendo wobwerera, ine ndi ng'ombe yanga, popanda wondiitana. Ndinafikira kwa ankhoswe. Ndinati sindikupempha nyumba, ndikupempha munda wa apongozi kuti ndiulime. Anakawauza. Yankho limene linabwera, ena a inu mukulidziwa, chifukwa munaliseka mudzi wonse. Apongozi anati, "Alime. Koma popeza ubwana aufuna kwambiri, akagone kogona ana."

Kuseri kwa nyumba yawo kuli gowelo, kanyumba kogona anyamata osakwatira, kamene eni ake anapita kale m'tauni. Ndi mmene ndinalowa. Chitseko chake cha thumba la feteleza. Miyendo ndikatambasula inkagunda khoma. Ndinagona mmenemo miyezi khumi ndi umodzi, nyumba yanga ndikuiona apo, imene ndinamanga ndi manja angawa. Chakudya ankandibweretsera ndi Tamara. Amake tikakumana panjira ankandipatsa moni wa alendo.

Ndipo musaganize kuti nditalapa, chimanga chinabereka mozizwitsa. Ayi. Tinadzala mochedwa, tinakolola zochepa. Nkhokwe ya apongozi sinafike ndi theka lomwe. A Sitefano, munthu wosalakwa, anagulitsa mbuzi zawo kuti ana adye. Mulungu anandikhululukira, koma munda sunandikhululukire. Njala imeneyo inali ndi dzina langa, ndipo ndinkaiona pa nkhope za ana anga.

Tsono inu amuna anzanga, makamaka amene munalawako tauni muli ana, ndikuonani. Ndikuona mmene mumaweramira pa foni pansi pa mitengo. Mumati tikukumbuka kale. Kale lake liti? Kale linapita ndi eni ake. Chimene mwagwira m'manjacho ndi chidole chimene munthu wina wochenjera anakusokerani, inu n'kumachiyamwitsa nthawi ya ana anu.

Sabata yathayi mvula yodzalira inagwanso, munaiona nonse. Tambala woyamba asanamalize kulira, ine ndinali nditamanga kale Kaputeni pa goli, ndikudikira a Sitefano. Tinalima munda wa apongozi masiku awiri, kuchokera kumsewu mpaka kuchulu, osasiya mzere ndi umodzi womwe. Tsiku lachiwiri ndinabwerako nditatopa, matope mpaka m'mawondo. Ndinalowa m'gowelo muja, ndinapeza mulibe kanthu. Mphasa palibe, chikwama palibe, bulangeti palibe. Mtima unagwa. Ndinati basi, ntchito yatha, andipirikitsanso.

Nditatuluka ndinaona bulangeti langa lili pa chingwe, pakhomo pa nyumba yanga, lochapidwa. Amake Tamara anali pakhonde akusenda nshawa zambewu. Sanadzutse mutu. Anangoti, "Madzi osamba ali kubafa. Musalowe ndi matope m'nyumba."

M'nyumba, abale! Anati m'nyumba!

Ndithokoza Mulungu amene sanandisiye pa mtondo paja. Ndithokoza alongo anga chifukwa cha pakamwa pawo powawa. A Sitefano, alamu, mbuzi zanu zija sindinaiwale. Apongozi, ali apo avala duku loyera, ndikuopa kuwayang'ana, koma zikomo amayi. Lero ndikugona m'nyumba mwanga. Ndikudya ndi ana anga mbale imodzi. Munda wa alamu tinamaliza dzulo, mawa ndi tsiku langa. Mundipempherere kuti ndidzuke.

Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.