Dzanja limene ankalimenya

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, kulikonse kumene mukuwerengera izi. Ndine mayi wogulitsa manachesi pamsika wa pa Mwanza Boma, ndipo ndikufuna ndichitire umboni mmene mwana wanga Tadala anapulumukira ku ukwati wokakamiza ali pasukulu.

Tadala anayamba tenisi pabwalo long'aluka la kuseri kwa sekondale yawo. Anthu ankaseka, ati masewera a azungu, ati mtsikana wothamangathamanga ndi kasiketi kafupi sadzapeza banja. Woseka kwambiri anali achimwene anga a Bizwick, malume ake, munthu amene ntchito yake ndi kudikira maliro kuti akalankhulepo. Iwowa ndi amene ankamumenya mwanayu ali wamng'ono akalandira kanthu ndi dzanja lamanzere, ati n'chipongwe, mpaka anazolowera kuchita zonse ndi lamanja, ngakhale kugwira raketi.

Ndi lamanjalo ankasewera bwino ndithu, moti anaitanidwa ku mpikisano wa ku Blantyre, kumene wopambana amakaphunzira kwaulere uku akusewera. Koma a Bizwick anali atamulonjeza kale kwa mkulu wina wa makala wa kwa Nthache, wa akazi awiri. Anandiuza pamaso kuti akakalephera, nkhani ya sukulu ithere pomwepo. Kwathu kuno mawu a malume amalemera, ngakhale atuluke m'mutu mopanda kanthu.

Mpikisano ukuyandikira, Tadala anagwa pa kabaza, dzanja lamanja n'kubzungunyuka n'kutupa. Achimwene anabwera kudzazonda akumwetulira, mkulu wa makala uja ali pambuyo atanyamula shuga. Anandinyansa onse awiri. Ndinalira, ndinasala kudya, ndipo ndinafunsa Mulungu ngati anandipatsa mwana kuti akakhale mkazi wachitatu wa munthu wofanana zaka ndi bambo ake.

Yankho linachokera kuchipatala. Namwino amene ankamumanga dzanja anamuponyera mpukutu wa bandeji kuti agwire, Tadala n'kuuwakha ndi lamanzere osayang'ana n'komwe.

"Iwe, ndiwe wamanzere?"

"Anandiletsa a malume."

Namwinoyo anapukusa mutu. Anatiuza kuti ankasewera tenisi ali ku koleji, ndipo panalibe wosewera amene iye ankamuopa ngati wamanzere, chifukwa mpira wake umakhotera kumene mnzake sakuyembekezera. Akaweruka kuntchito anayamba kumutengera kubwalo kuja. Poyamba mipira inkathera m'chimanga cha eni ake, anthu a pamsika n'kumandifunsa monyogodola ngati katswiri wanga wayamba ulimi. Sindinkawalabadira, pakuti ambiri mwa iwo sangathamangitse ngakhale nkhuku.

Dzanja lamanzere lija linakumbukira msanga. Tadala samenya mwamphamvu ngati atsikana a m'tauni. Amaudula mpira kuti uyende motsika, ukagwa n'kuthawira kumbali, mnzakeyo akatuluka m'bwalo kuuthamangira iye wafika kale pa neti kudzaugwetsa pang'onopang'ono. Sakuwa, sakwiya, amangokutopetsa.

Ku Blantyre ndinapita naye pa minibasi. Makolo ena anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, mayi wina n'kufunsa ngati ku Mwanza kulinso bwalo. Mwana wake ndi amene anakumana ndi Tadala pomaliza, ndipo anatha masewerawo akulira, atatopa ndi kuthamangira mipira yokhota. Tadala anapambana mpikisanowo. Ine ndinagwada pa simenti pomwepo, chitenje chili mbali, ndikuyamika mokweza osasamala za anthu.

Lero a Bizwick akuyenda pamsika kuuza anthu kuti luso limeneli ndi la ku mtundu kwawo. Ndimangowayang'ana, chifukwa manyazi sagulitsidwa kuti ndikawagulire. Shuga uja ndinabweza ndi manja anga.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatuma namwino uja, ndipo inu amene abale akukupangirani chiwembu pa mwana wanu, musatope kupemphera, musagonje. Tadala sanakwatiwe. Ali m'kalasi, ndipo madzulo ali pabwalo.