Nkhani ya Feteleza wa Mchenga

Pa siteji ya basi ku Chongwe, mayi wina anafunsa bambo amene anali atakumbatira makina olembera.

"Muipeleka kuti mashini iyo, atate?"

"Kunyumba, amayi. Ninali mtolankhani ku Lusaka. Ninalemba za kampani yogulitsa feteleza wosakaniza na mchenga, koma mwini nyuzipepala ni mnzawo wa eni kampaniyo. Anati ning'ambe nkhaniyo. Ninakana, nchito yatha."

"Manje muzachita bwanji?"

"Tiyamba nyuzipepala yathu na anzanga. Kaya anthu azagula."

"Azagula. Feteleza uja na ine ninathira, chimanga chonse chinachita chikasu."

"Mungakambe zimenezo poyera? Ambiri ayopa."

"Niyope chani, njala inalowa kale m'nyumba? Lembani kuti Eneless wa ku Bundabunda. Na azimayi a ku tchalitchi kwathu nizabwera nawo."