Tayala la Sipeya

Pasiteji ya basi, dalaivala wina ankadandaulira mayi amene anakhala naye pabenchi.

"Mayi, masamu a masiku ano ndi ndagi zokhazokha. Dzana mwana wanga anabwera ndi funso: njinga ndi magalimoto pamodzi zilipo zisanu, matayala khumi ndi anayi, magalimoto angati?"

"Si awiri nanga, bambo?"

"Ine ndinamuuza kuti aphunzitsi alakwitsa. Galimoto imakhala ndi matayala asanu."

"Asanu?"

"Nanga la sipeya?"

"Kalanga ine! Ndiye mwanayo munamulepheretsa?"

"Ayi, anandikanira. Anajambula timatayala pansi, n'kupeza awiri, ndipo anakhoza."

"Ndiye mukudandaula chiyani? Mwana waposa bambo ake."

"Kuposa andipose, mayi. Koma galimoto ya aphunzitsi akewo ndamuuza kuti asadzayerekeze kukwera."