Mtumiki Wolalikira Chogwada pa Zimbowera

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1997 m'mudzi uno, kwa Mfumu Yaikulu Mwambo, m'boma la Zomba. Dzina lawo ndi a Clement Muhiwa, mwana wachiwiri mwa ana anayi a malemu bambo Thomson Muhiwa ndi mayi athu a Christina, amene akhala apowa. Mafumu, abusa ndi nonse mwabwera kudzatikhuza, ine ndaima pano ndine Cecilia, amene ndinawaponda pamutu. Amalume ati ndiwerenge ndine, poti zakumtima kwawo malemu ankakonda kuuza ine. Azaumoyo atipempha kuti tisachedwe, choncho ndinena zokhazo zimene ndikuzidziwa bwino.

Sukulu anayamba mu 2004, ndipo mu 2012 anasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera. Bambo atatisiya mu 2015, achimwene sanasiye sukulu. M'mawa ankayamba alowa m'munda wa mpunga kenako n'kupalasa njinga kukaphunzira, Loweruka n'kusenzetsa njinga yomweyo matumba a mpunga mpaka kumsika wa Songani. Folomu 4 analemba mu 2016 ndipo anakhoza.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri simuchidziwa. Achimwene ankaopa madzi. Nyanja ya Chilwa timaiona tili pakhomo, koma ife kwathu ndife anthu a khasu, ndipo iwo anafika pokula asanapondepo m'bwato. Dambo likasefukira ankalolera kuzungulira mtunda wautali kusiyana n'kuwoloka madzi olekeza m'mawondo.

Pa 17 Ogasiti 2019 anamanga ukwati woyera ndi alamu athu a Elenala, ndipo mu 2020 Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, Sophia. Chaka chomwecho mpingo unawatumiza ku sukulu ya Baibulo, kumene anaphunzira zaka ziwiri.

Lamulungu, pa 4 Seputembala 2022, analandira kalata yowatuma kukayamba utumiki. Tonse tinkaganiza kuti awapatsa kachisi wa kumtunda. Kalatayo inati apite kwa asodzi a pa zimbowera. Alendo amene simukudziwa, zimbowera ndi timisasa timene asodzi amamanga pakati pa nyanja, pamwamba pa udzu wa njedza wopindidwa, n'kumakhala momwemo miyezi osaponda dothi.

Masiku atatu achimwene chakudya sichinkatsika. Kalata ankaitulutsa m'thumba, kuiwerenga, kuibwezeranso. Ine sindinawanyengerere. Ndinawauza kuti kalatayo aibweze, Mulungu sasowa ntchito kumtunda kuno, ndipo munthu wa mwana woyamwa sasewera ndi nyanja asakudziwa n'kusambira komwe. Iwo anati anapita kudoko kukafunsa, ndipo anamva kuti kumeneko munthu amadwala mpaka kutsirizika popanda womugwira dzanja n'kumupempherera. Anati mantha sanathe ayi, koma apita nawo manthawo, akaona ngati Mulungu sadziwa kunyamula munthu wamantha.

Lolemba, pa 12 Seputembala, ananyamuka padoko la Kachulu pa bwato la Che Ayuba, msodzi wachisilamu amene anali bwenzi la bambo athu. Achimwene anavala jekete, tayi ndi nsapato zopolisha. Bwato litangosuntha anatsinzina, manja atakakamira m'mphepete. Che Ayuba akuti anawauza kuti abusa, ngati mukupemphera mutikumbukireko ndi ife, koma ngati ali mantha tsegulani maso, zinthu zikukupitani.

Anatsegula maso bwato likutuluka m'kanjira ka m'njedza. Zimene anaona anandifotokozera kangapo, ndipo nthawi iliyonse mawu ankawathera panjira. Madzi anali atayala mpaka kumene maso alekeza, mapiri a Chisi ataimirira pakati, mbalame zikudzuka pamodzi ngati utsi wa lupsa. Patali ankaona timisasa tikufuka, anthu akuphika ndi kuyanika matemba pamwamba pa madzi ngati ali pabwalo kwawo. Anati anadziona kuchepa ngati kathemba kamodzi m'nyanja monsemo, misozi n'kumangotsika osadziwa ngati ndi mantha kapena chimwemwe. Anati zaka ziwiri anaphunzira za ukulu wa Mulungu atakhala pabenchi, koma tsiku limenelo ndi pamene anauona ndi maso awo.

Tsiku lomwelo analakwitsa chinthu chimene asodzi akuchisimbabe. Ku sukulu anawaphunzitsa kulalikira chiimire, mawu okweza, phazi likugunda pansi. Koma pansi pa chimbowera si dothi. Eni ake amayendapo mowerama, mopepuka, podziwa kuti kunsi kwake ndi madzi. Achimwene anaimirira, kukweza mawu, kugunda phazi kamodzi, mwendo wonse n'kulowa mpaka m'ntchafu. Pouzula, nsapato inatsala komweko. Asodzi anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo pomwepo anawapatsa dzina loti Abusa Nsapato Imodzi. Wina akanachita manyazi n'kupempha bwato lobwerera. Iwo anaseka nawo, anavula nsapato inayo, anagwada, n'kumaliza ulaliki buluku likuchucha. Kuyambira pamenepo ankalalikira chogwada. Anandiuza kuti Mulungu sanafune kuchedwa nawo, anawaonetsa tsiku loyamba lomwe kuti wotumidwa saima pamwamba pa anthu amene watumidwako.

Miyezi yotsatira ankakhala panyanja kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Anaphunzira kukankha bwato ndi nsungwi yaitali, kusoka ukonde ndi kuwamba milamba. Mapemphero ankachita masana asodzi akamapuma. Anayamba ndi anthu atatu, ndipo pofika Disembala mabwato ankachita kumangirirana kuzungulira chimbowera chawo. Abale athu achisilamu sankalowa nawo mapempherowo, koma wawo akadwala ankatuma uthenga kuti abusa adzamuone.

Ataona kuti anthu akumwa madzi omwewo amene akudzithandiziramo, anayamba kunyamula zigubu za madzi a pamjigo, othira kolorini wa kwa alangizi a zaumoyo. Lolemba lililonse bwato linkachoka litadzaza zigubu. Ine ndinawauza kuti achimwene, ulaliki uwu ndiye ndikuumva bwino.

Mu Januwale chaka chino kolera inafika pa zimbowera. Mayi analira, alamu anagwada, ine ndinakalipa, tonse kuwauza kuti ayambe akhala kumtunda mpaka matenda atapita. Anayankha mofatsa kuti akathawa tsopano, asodzi adzati Mulungu wa abusa aja ndi wa masiku abwino okha. Pa 30 Januwale anabwerera kunyanja.

Pa 6 Febuluwale Che Ayuba anagwidwa ndi matendawa asodzi anzawo ali kutali ndi maukonde. Panalibe wina wopalasa. Achimwene anawagoneka m'bwato n'kugwira nsungwi okha. Anakankha maola anayi molimbana ndi mphepo, akuima apa ndi apo kuwamwetsa madzi a mchere ndi shuga. Anafika padoko manja atasupuka. Che Ayuba anachira, ndi awo akhala pansi pa mtengo wa mangowo. M'mawa mwake achimwene anadzaza zigubu n'kubwereranso.

Lachinayi, pa 9 Febuluwale, nawonso anayamba kutsekula m'mimba ndi kusanza. Asodzi anawanyamula, koma mvula ndi mphepo zinawatsekereza m'njedza, moti kuchipatala anafika Lachisanu madzi atawathera m'thupi. Madokotala anayesetsa, anawaika diripi, koma Mwini moyo anali atanena kale. Anatisiya dzulo Loweruka, pa 11 Febuluwale 2023, ali ndi zaka 25, atatumikira miyezi isanu yokha.

Alamu anga anali pambali pawo. Akuti malemu anawauza kuti pasapezeke wonena kuti nyanja yawadya, poti anapita okha maso ali otsegula, ndipo sanaonepo malo amene Mulungu anali pafupi chotero. Funso lawo lomaliza linali lakuti Lolemba madzi adzapita ndi ndani. Achimwene, yankho lapezeka. Amayi a mpingo ati adzatunga, ndipo asodzi amene afika kuno m'mawa uno ndi makasu kudzathandiza adzukulu ati bwato lidzakhala padoko dzuwa likamatuluka. Apemphanso abusa aakulu kuti awatumizire mtumiki wina, koma akhale wodziwa kugwada.

Malemu asiya mkazi wawo a Elenala, mwana wawo Sophia wa zaka ziwiri, mayi athu a Christina, achemwali athu aakulu a Rachel, ine, ndi mng'ono wawo Brighton.

A banja tikuthokoza madokotala ndi anamwino, azaumoyo amene akonza thupi m'malo mwathu, mafumu, mpingo, adzukulu, ndi asodzi nonse, achikhristu ndi achisilamu, amene mwasiya maukonde anu lero. Mutikhululukire kuti sitiona nkhope, sitipatsana moni wa m'manja ndipo sitiphika. Ndowa za madzi a kolorini zili panjira yotulukira, aliyense asambe m'manja asanapite kwawo. Malemu akanakhala pano akanakuuzani zomwezo.

Pitani bwino, achimwene. Amene anakutumani akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.