Tsiku limene ndinalowera pageti

Abusa, amayi abusa, akulu a mpingo ndi abale nonse, ndakupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ine ndine mayi a Lonjezo, uja ndimagulitsa mafirizesi pa Nsungwi. Ndikufuna kuchitira umboni pa zimene Mulungu wachita ndi dzanja la mwana wanga. Dzanja lamanja, abale, lolembera.

Lonjezo ndi mwana wanga wachisamba, ndipo chaka cha sukulu chathachi anali Fomu 4 pa sekondale yoyendera. Kwathu palibe amene anafikapo pamenepo. Bambo ake amasenza mabelo a fodya ku Kanengo, ine sukulu ndinalekeza nditangodziwa kuwerenga Baibulo. Ndiye maso athu onse anali pa mayeso a mnyamatayu. Koma iye maso ake anali pa mpira, poti anali goloboyi wa timu ya sukulu.

Chaka ndi chaka makolo timasonkha ndalama za masewera. Ine ndinkati amagula mabandeji ndi mankhwala a zilonda. Pamsonkhano akomiti anatiuza kuti, "Makolo musade nkhawa, timu yathu ili ndi dokotala." Ndinaomba m'manja ine, mpaka nthungululu. Akochi a timuyo anali aphunzitsi a masamu, amene anapatsidwa udindowo chifukwa anali ndi wezulo yawoyawo. Mwana akagwa, mankhwala awo anali amodzi: "Dzuka, ndiwe mwamuna, zipola ukuthamanga."

Tsiku la fainolo anakasewera pa sukulu ina yokhala ndi mpanda wautali wa njerwa. Ine ndinatula chidebe changa cha mafirizesi pageti. Geti lili chitsekulire, abale, loti ngakhale lole ikhoza kulowa. Koma ndinangoona ana athu akulambalala, ulendo wa kuseri. Nditafunsa, bambo wina anati, "Mayi, simudziwa mpira? Alendo salowera pageti. Eni bwalo amakwirirapo mankhwala, ukapondapo miyendo imalemera."

Ndiye akochi anawandandalika kuti akwere mpanda mmodzimmodzi. Ana a Fomu 4, ophunzira sayansi, kukwera mpanda ngati akuba dzuwa likuswa mtengo. Ndi bambo ake a Lonjezo omwe anakwera nawo, ati asatengere timu tsoka. Ali apowa, musaweramitse mutu bambo, tili pamaso pa Mulungu.

Mpira utayamba, ndinasuzumira pageti paja. Mwana wanga ali pagolo, dzanja wapanira pachifuwa, nkhope yatuwa. Mpira woyamba anangoupenya ukudutsa. Wachiwiri anachita kuupatsa njira. Anthu akumutukwana, bambo ake akukuwa kuti, "Gwira iwe." Koma ine ndinabereka, ndimadziwa mwana wanga akamameza misozi. Pa hafu taimu ndinasiya chidebe n'kulowera pageti pomwepo. Miyendo sinalemere ayi, abale, inapepuka.

Kufika pafupi, dzanja latupa, lapindika. Kani potsika mpanda uja anagwera dzanjalo, akochi n'kumuuza kuti zipola. Ndinati, "Adokotala ali kuti?" Panabwera bambo wa chikwama chachikulu. Mtima wanga unakhala pansi. Atatsekula, munali mchere, botolo la mafuta a nkhumba, ndi kamchira kaya ka nyama yanji. Iwo ati, "Mwanayu amuponyera." Ndalama zathu zija, abale, ndi zimenezo.

Akochi anati, "Mayi, pepani, kwatsala theka lokha. Timumanga ndi sokosi, azigwira ndi lamanzere."

Ine ndinati, "Aphunzitsi, mayeso adzalemba ndi sokosiyo?"

Ndinavula chitenje chapamwamba, n'kumukoleka dzanja m'khosi, n'kumugwira kolala. Akochi anatitsatira akuchonderera. "Chabwino mayi, mutengeni, koma musatuluke naye pageti." Tinatulukira pageti.

Kuchipatala, adokotala enieni atamujambula anati fupa lathyoka pafupi ndi chikhatho. Anati akanangogwira mpira umodzi wamphamvu, fupalo likanasuntha, ikanakhala nkhani ya opareshoni, za mayeso kuiwala. Anamuika chikhakha. Apa ndisakunamizeni, ndinaopa. Ndinaopa, abale. Mayeso anali atayandikira. Mwana anayesa kulemba ndi lamanzere, zinkangotuluka ngati papalasa nkhuku. Ndinkamupeza atakhala pakhonde, buku pamiyendo, cholembera chili pansi, akulira mwakachetechete. Ine n'kulowa m'nyumba kukalira zanga. Zaka zonse zosenza mabelo, zaka zonse zoyenda ndi chidebe padzuwa, zithere pa mpanda wa njerwa?

Amayi a mpingo uno munabwera, munagwada pa simenti yanga, munapemphera mutagwira chikhakhacho. Sindidzaiwala. Ndipo Mulungu anamva. Anamva, abale. Chikhakha chinachotsedwa mayeso ali pakhomo. Dzanja linatuluka lowonda, losenda khungu, koma linagwira cholembera. Ankalemba akuluma mano, madzulo ine n'kumuthowa ndi madzi ofunda. Sabata yathayi zotsatira zatuluka. Mwana wanga wakhoza.

Pamsonkhano wa makolo wotsatira ngozi ija ndinaimirira, ine wosaphunzirane, n'kufotokoza zimene zinali m'chikwama muja. Adokotala a chikwama aja anawatsanzika. Lero sukulu ili ndi bokosi la mabandeji ndi mankhwala, ndipo ahedi analamula kuti ana azilowera pamene pamalowera anthu. Musandifunse ngati timu ikupambana. Kugonja akugonjabe, koma amabwerako aliyense ndi mafupa ake.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipatsa maso tsiku lija, ndikuthokoza abusa ndi inu nonse. Lonjezo, imirira mwanawe, mpingo ukuone. Kweza dzanja. Osati limenelo, linalo. Mwaliona, abale? Tiyeni mundithandize kukondwera. Ombani m'manja mwamphamvu inuyo, mumuombere ndi iye yemwe, pakuti iyeyo ndamuletsa kuomba ndi dzanja limenelo.