Tinkawamwetsa Atatu Osauzana

Zikomo aulutsi, ndine mayi wa ku Nsaru. Amayi anga atakalamba anayamba kuiwalaiwala ndi kukalipa, mwina kungonyamuka osadziwa kolowera. Kuchipatala anatipatsa mapiritsi owakhazika mtima pansi, limodzi pa tsiku. Koma sitinapangane kuti aziwamwetsa ndani.

Inali nyengo yosankha fodya, aliyense ankalowa m'nyumba nthawi yake. Amayi ankati, "Mwanawe, ine lero mankhwala sindinamwe." Munthu wamkulu ungamutsutse? Ndinkawapatsa. Mng'ono wanga nayenso ankawapatsa, alamu anga chimodzimodzi. Atayamba kugona tsiku lonse, ife tinkati akupeza bwino.

Lamulungu lina anadzuka ali dzandidzandi, n'kugwa pakhonde, mkono kuthyoka.

Titapita nawo kuchipatala, namwino anatifunsa, "Kodi agogowa amawamwetsa ndani?"

Tonse atatu tinayankhira pamodzi, "Ine."

Sanatikalipire, anangoti tisankhepo mmodzi. Koma manyazi ake mpaka lero sanandichoke.

Anzanga osamalira okalamba, panganani. Panopa ndimawamwetsa ndekha m'mawa. Akapemphanso, ndimawapatsa madzi n'kukhala nawo pamkeka. Za piritsi amaiwala msanga, koma dzanja langa salisiya.