Mbiri ya Achemwali Athu, Mayi Kanikiza

Abusa, abale ndi alongo, ndi inu anamwino mwabwera mu yunifolomunu, mundikhululukire mawu akamandithawa. Lamulungu lapitali tinadya nawo limodzi, akuseka, osadandaula ngakhale mutu. Lero ine mlongo wawo ndikuwerenga mbiri yawo.

Malemu, amene ambiri munkawadziwa kuti Mayi Kanikiza, anabadwa mu 1972, oyamba m'banja la ana asanu, m'nyumba ya aphunzitsi kuseri kwa sukulu imene bambo athu ankaphunzitsa. Pulayimale anaphunzira pomwepo, sekondale anapita yogonera konko. Atamaliza maphunziro a unamwino anayamba ntchito mu 1996, ndipo chaka chotsatira anakwatiwa ndi alamu athu, makanika wa galimoto.

Zaka zambiri anagwira m'chipinda cholandirira ovulala ndi odwala mwadzidzidzi. Mmenemo anatukwanidwa kosawerengeka. Tsiku lina bambo wina wodikirira matenda anawamenya mbama chifukwa dokotala anachedwa. Anafika kunyumba tsaya litatupa, alamu n'kunyamula sipanala, koma malemu anawakhazika pansi. M'mawa mwake anakasambitsa wodwala wa bambo yemwe uja. Anthuni, namwino nayenso ndi mwana wa munthu.

Chimene chinkawapweteka mtima kwambiri chinali kulandira anthu atazizira kale, zovala zili zonyowa chifukwa owathandiza ankangowathira madzi ndi kuwakupiza. Choncho anayamba kuyenda ndi chidole chapulasitiki m'misika, m'masukulu ndi m'magalaja, kuphunzitsa anthu kupsinja pachifuwa munthu mtima ukaima. Ukamachita monyengerera ankakukalipira kuti, "Kanikiza! Nthiti imapola, koma mtima sudikira ambulansi!" Dzina lija linachokera pamenepo. Alamu ankadandaula kuti chidolecho chinawalanda mpando wakutsogolo m'galimoto. Kutchalitchi anali a kwaya, ndipo ngakhale abusa athuwa anawagwaditsapo pachidole.

Anavutikanso mpaka padepoti ya mabasi panaikidwa makina odzutsa mtima ndi mphamvu ya magetsi. Anapempha kuti makinawo akhale pakhoma, poonekera. Akuluakulu a depoti anaopa akuba, n'kutsekera makinawo mu ofesi.

Lachiwiri m'mawa, akudikira basi yopita kuntchito padepoti pomwepo, malemu anagwa. Sanafuule n'komwe. Anthu anaunjikana, ena akujambula pafoni. Mayi wina wosesa padepotipo, amene malemu anamuphunzitsa, anataya tsache, anagwada, n'kuyamba kupsinja. Atatopa analandira dalaivala wina, kenako mlonda. Mayi uja akufuula kuti, "Makina! Tengani makina!" Ofesi inali yokhoma, mwini kiyi asanafike. Anthu anayamba kukangana ngati n'kololedwa kuthyola chitseko. Pamene anachithyola, nthawi inali itapita. Kuchipatala, anzawo akuntchito anawalandira pabedi limene iwo analandirirapo anthu ambirimbiri, anayesetsa, koma zinakanika.

Dokotala anatiuza kuti manja a anthu atatu aja anachita zonse molondola. Mayi inu mwakhala kumbuyoko, amene simunasiye kulira chiyambire Lachiwiri, banja lathu likuti musadziimbe mlandu. Munachita zimene anakuphunzitsani. Ife sitinamvetsebe kuti makina anali chapafupi pomwepo, kuseri kwa chitseko chamatabwa. Tikupempha aliyense wosunga makina otere kuntchito kwake: mawa akatsegule.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, mdzukulu amene wangoyamba kukwawa, azichimwene ndi ang'ono awo anayi, komanso amayi athu okalamba, amene mpaka m'mawa uno amafunsa kuti nanga mankhwala awo aziwakumbutsa ndani.

Achemwali, munathamangira anthu moyo wanu wonse. Tsopano pumulani. Apumule mu mtendere.